Kumeta kwa a Absalom

Lachiwiri, 1 Julaye 2025

Kuzizira. Fumbi. Makasitomala atatu okha, wina dazi lokhalokha koma akufuna ndimumete ngati ali ndi tsitsi. Ndameta mphepo, wapita akumwetulira.

Masana abwera madala Absalom, a mkhukhu, kanyumba ka malata, woyandikana ndi wathu. Zaka 70. Ndevu mpaka pachifuwa, zotuwa, zopotana, mutafufuza mkati mungapezemo nyenyeswa za Khirisimasi. Ndati lero Mulungu wandikumbukira, ndagwira makina. Iwo: "Aikona. Makina ndi ometera nkhosa." Zaka sikisi ndikumeta anthu pa Wonderkop pano, ine Rashid, lero ndauzidwa kuti onsewo anali nkhosa.

Atulutsa kanthu m'sokosi. Sokosi yake yosachapa. Lumo lachikale, lopinda, lija limatseguka ngati mpeni wa m'thumba. Dzimbiri psuu. Chigwiriro cha nyanga, chong'aluka, msomali umodzi palibe. Kumaso kwake kwabenthuka pawiri. Akuti ndi limene ankametera anzawo ku hositelo ya mgodi, analandira kwa Msutu wina wokalamba amene nayenso anachita kulandira. Manja awo pano amanjenjemera, kapu ya tiyi imafika pakamwa ili theka. Ndiye ndilikonze ine, ndiwamete ine.

Nkhani yake ndi Lois. Mwana wawo mmodzi yekhayo, ku Dowa. Anamusiya ali m'mimba 1984 pobwera ndi Theba, bungwe lija lolemba anthu a ku migodi, mpaka lero. Uchona wa zaka 41. Nambala yake tinaipeza mu Febuluwale kwa Haji, uja amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Foni ndi yanga, olemba ndine, madala amangolamula. Mauthenga onse amawerenga, sayankha. Anayankhapo kamodzi kokha: "Bambo anga sindikuwadziwa ndi nkhope yomwe." Aliyense akumva kuti pamenepo munthu watseka chitseko. Madala anamva pempho. Akuti mwana akufuna nkhope, tsono timupatse nkhope pa vidiyo, koma osati tchire ili.

Mwana wakukana, iwe ukuti vuto ndi ndevu. Sindinanene. Ndalandira lumo, sokosi ndawabwezera.

Lachinayi, 3 Julaye

Ndinalinyika mu viniga kuyambira dzulo, monga ananenera mzungu wina wa pa intaneti. Latuluka lakuda bii. Mzunguyo sananene kuti maola angati, kapena ananena ine ndili kalikiliki ndi mutu wa munthu. Ndalibisa m'dirowa. Madala adutsa kawiri kudzafunsa. Ndawauza kuti lili pa mankhwala, saloledwa kuliona.

Mkazi wanga Zuwena: "Mipeni ya m'nyumba muno siidula ndi tomato yemwe, inu muli jijirijijiri ndi mpeni wa eni." Zoona. Ndiye zikuwawa.

Madzi sanatuluke lero. Mathaulo osachapa.

Loweruka, 5 Julaye

Ku Marikana kwa Raimundo, wa ku Tete, wowongola magalimoto ogundidwa. Chinyanja chake ndi chopindika koma timamvana. Wangoliona lumo, wayatsa giraindala, makina ake aja opalira zitsulo. Ndachita kumulanda m'manja. Madala anandichenjezeratu: chitsulo cha lumo chikatentha n'kusanduka buluu, chafa, sichidzathwanso. Raimundo: "Ndiye ukhule ndi manja mpaka ukalambe ngati mwini wake." Wandipatsa zidutswa za sandipepa yothira madzi, yokhakhala, yapakati, yosalala. Ndi kawaya kamkuwa kopangira misomali ya chigwiriro.

Masana onse kukhula. Zala zatupa, zikhadabo zakuda. Dzimbiri likachoka, pansi pake timaenje tokhatokha, sititha, tidzapita nalo kumanda. Pafupi ndi chigwiriro patuluka zilembo, zina zofufutika, ndi kachithunzi ka chisoti cha mfumu. Chingerezi si Chingerezi. Lumo limeneli ndi lakale kuposa madala, kuposa mgodi womwe. Linawoloka nyanja zonsezo kudzathera m'sokosi ya Mchewa.

Wina wabwera kudzameta, wandipeza ndanyamula chitsulo chimenechi ndikuchiyang'anitsitsa. Wabwerera pakhomo.

Lachitatu, 9 Julaye

Chigwiriro. Msomali wotsala uja ndaupala ndi tupa, watuluka. Nyanga ndaimata ndi guluu, ndaipaka mafuta, ndaipukuta mpaka mkono kutopa. Inali mbuu, pano yadera, ikuwala. Misomali iwiri yamkuwa, kudula, kulowetsa, kugogoda pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa supuni, hamala ikhoza kuswa zonse. Koyamba ndathinitsa, lumo kukana kutseguka. Kachiwiri lakhwepa, likungogwa lokha ngati nsagwada ya woledzera. Kachitatu bwino. Supuni ya Zuwena yapindika, ndaiika pansi pa zinzake.

Madala alitsegula, alipinda, alitsegulanso. Alinunkhiza. Ine ndikudikira zikomo. "Wena mampara, kuwala si kumeta." Zikomo wa m'Fanakalo, chilankhulo cha ku mgodi, ndi ameneyo, kukutcha chitsiru.

Alamula uthenga wina: mwana wanga, posachedwa udzandiona. Timizere tiwiri ta buluu. Zii.

Lachisanu, 11 Julaye

Ku Rustenburg kukafuna burashi yopakira thovu. Masitolo anayi. Mtsikana wa sitolo yachitatu wandipatsa burashi ya nsapato, yachinayi ya penti. Ndaipeza kwa Mmwenye wina kuseri kwa renki ya matekisi, m'bokosi la fumbi, iye mwini kudabwa kuti anali nayo.

Pobwera ndawapeza madala akhala pakhomo la shopu ngati alonda. Lero pakamwa panatseguka. Akuti ku hositelo munthu sankapita kwawo ndi ndevu. Kontirakiti ikatha, mawa basi, lero kwa Absalom. Suti yatsopano, sutikesi, wailesi, koma choyamba lumo, kuti mkazi asakalandire chilombo. Chaka chimene a Malawi onse anauzidwa kuti azipita, anameta anthu masiku atatu osapuma, mzere mpaka ku bafa. Womaliza atanyamuka, iwo anapukuta lumo, analipinda, n'kulowera ku lokeshoni kwa mayi wina. Anatenga ndi dzina la kuno lomwe. Mayiyo anamwalira kalekale, ana a mwamuna wake woyamba anatenga nyumba.

Ndawafunsa kuti nanga zaka zonsezi. Akuti chaka choyamba analibe choti apite nacho, chachiwiri anali ndi manyazi a chaka choyamba, zinazo zinangotsatana zokha. Aseka. Ine sindinaseke. Kwathu ku Mangochi ndinachoka liti, ndipo mayi anga ndinawaimbira liti? Ndatseka shopu msanga, mtima sunali bwino.

Lolemba, 14 Julaye

Mwala wonolera wapezeka. Ku Geelhoutpark, kumene Zuwena amagwira ntchito ya m'nyumba. M'galaja munali mwala wa malemu bambo a dona, wachikasu, wosalala ngati sopo, ankatchingira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Dona anati atenge, koma abweretse njerwa m'malo mwake. Zuwena wanyamula njerwa m'chikwama matekisi awiri. Sakundilankhula.

Kunola. Madala pa kireti pambali panga, kulamula ngati kapitawo. Lumo ligone lonse pamwala, msana ndi kumaso komwe, osalidzutsa ngati mpeni wa nyama. Kukankha kumaso kuli patsogolo, kutembenuzira pamsana, kubwerera. Osatsindika. Madzi pang'onopang'ono. Pobenthuka paja pathe kaye. Ndikafulumira, "Kahle!" Ndikadekha, "Checha!" Maola atatu. Azungu a ku mgodi anawazunza, ngongole... ayi, ukali wake ndikulandira ine.

Kenako lamba. Avula lamba wawo wachikopa wa ku mgodi, tamukoloweka pa msomali wa chitseko, buluku agwira ndi dzanja. Pa lamba ndi mosemphana, msana ndiye umatsogola. Ndaiwala kamodzi, ndacheka lamba. Mawu amene anena sindilemba, buku lino Zuwena amatha kulitsegula.

Ndayesa pamkono. Cheya kumangogwa chokha, osamva kanthu. Ndinangoti kakasi, chinthu chinali m'sokosi chija. Madala aligusitsa pa chala chachikulu, apukusa mutu. "Silinathwe."

Lachitatu, 16 Julaye

Silinathwe dzulo. Silinathwe lero. Mkono wamanzere see, wamanja see, ndayamba miyendo. Ndatola tsitsi limodzi pansi, ndaligwira m'malere, ndangoligunditsa lumo, laduka. Madala: "Tsitsi la Mtswana ndi lofewa."

Ndaphunzira pa chibaluni chopaka thovu. Ziwiri zaphulika, thovu mpaka pagalasi. Chachitatu ndachimeta bwinobwino. Kenako tsaya langa. Ndadzicheka pang'ono pansi pa khutu. Zuwena wayambanso kundilankhula: "Mwaganiza zodzipha pang'onopang'ono?"

Ndazindikira lero. Lumo linathwa Lolemba. Amene sanathwe ndi mwini wake. Likangometa palibenso kobisala, ayenera kuyang'ana foni, foni n'kuwayang'ana. Munthu analowa pansi pa nthaka zaka makumi awiri ndi kanthu, miyala ikugwa, akuopa mwana wamkazi wa pa galasi la foni. Ndawamvera chisoni, kenako ndapsa mtima, masabata awiri anga.

Ndawauza: Lamulungu, teni koloko, lithwe lisathwe. Ndiitana ndi anthu omwe kuti musathawe. Angotafuna ndevu.

Lachinayi, 17 Julaye

Ndalengeza pa gulu la pa Watsapu la a Malawi a kuno, anthu oposa 200. Ndikopere pano, ndalemba bwino: "Abale, Lamulungu lino 10 koloko kuli kumeta kwa madala Absalom kwawo ku Wonderkop. Nonse owadziwa mubwere." Chithunzi cha ndevu akana, ndiye ndaika chokhacho ali nacho, cha pa chiphaso cha Theba, chakuda ndi choyera, ali mnyamata wa maso akuluakulu.

Anthu adzaone Rashid akumeta ndi lumo lachikale. Wometa mnzanga wa makina pa kona uja adzalira.

Magetsi athawa kuyambira m'mawa, foni yazima. Ndaisiya pa chaja kwa Msomali wa sitolo, iye ali ndi jenereta, ndikatenga mawa.

Lachisanu, 18 Julaye

Ndatuluka mu mzikiti, ndatenga foni, ndayatsa. Mauthenga 143. Timakandulo. Timanja topemphera. "Mzimu wawo uwuse mumtendere." Wina amene sanawapatsepo ndi moni yemwe: "Anali bambo wa tonse."

Ndisanamvetse, mayi Linnet, apampando a bungwe la maliro, pa foni, osapuma: "Mwawaika liti? Mwakwirira munthu ngati galu osauza bungwe? Inu Asilamu mumaika tsiku lomwelo, koma awa anali a mpingo!" Adula okha ndisanatsegule pakamwa.

Ndiye mutu wagwira. Kwa Achewa, kumeta kwa munthu ndi kuja amachita maliro akaikidwa, abale n'kumeta tsitsi kuti zatha. Ndimadziwa, si kuti sindidziwa. Koma kwathu timati sadaka, ndipo mutu wanga masabata awiri wangodzaza lumo. Ine wometa anthu, kumeta ndi kumeta. Kuphatikiza chithunzi chakuda ndi choyera chija. Ndapha nkhalamba ndi mizere iwiri.

Ndaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe ya sitolo. Ndayamba kulemba kuti pepani ali moyo, foni yalira. Nambala ya ku Malawi. Lois. Miyezi isanu zii, lero waimba yekha. Haji ndi amene anamutumizira uthenga uja, munthu wachangu pa zinthu zolakwika. Mawu ake odekha, olemera. Sanalire. "Achimwene, anavutika?" Kenako: "Anatchulako dzina langa?" Ndati tsiku lililonse. Chimenecho chokha si bodza. Ndati Lamulungu ndidzaimba ya vidiyo, mudzaone nokha. Wati chabwino. Ndadula, kunamizira netiweki.

Ndathamangira kwa madala, ndikuyembekezera ndodo. Andiuza ndibwereze mawu a Lois katatu. Kenako: "Usawauze. Wamoyo samuyankha, wakufa akumuimbira. Ndife kaye mpaka Lamulungu."

Ndavomera. Ndilembe kuti ndavomera, ndisadzanamizire nkhalamba yokha.

Loweruka, 19 Julaye

Malemu adzitsekera m'nyumba, akudya bwino. Apempha mapazi a nkhuku. Aneba ndi Axhosa ndi Asutu, za gulu lathu sakuzidziwa, angofunsa ngati ndi chimfine.

Ndimawawerengera mauthenga a pagulu, iwo kumapereka malikisi. Uyu wabodza. Uyu anandibera jekete. Uyu amandithawa pa renki kuopa moni. Wina walemba kuti anali munthu wosalawa mowa, aseka mpaka chifuwa chawatsamwitsa, ndinaopa kuti uthenga wanga usanduka woona. Wina walemba ndakatulo. Sindinkadziwa kuti pakati pa a Malawi a kuno pali alakatuli, amadikira munthu afe.

Kenako andifunsanso: anati anavutika, kapena anati anavutika kwambiri? Ndati anavutika basi. Agwedeza mutu ngati ndawapatsa mphatso.

Mayi Linnet aimba kanayi, sindikuyankha. Zuwena wati mawa sadzakhalapo. "Zoseweretsa maliro ine ayi. Ndipo mwana wa eni uja mwamuganizirako?" Ndati mawa adzavina, bambo ake adzauka. Wandiyang'ana monga amayang'anira poto wosatsukika, n'kutuluka.

Lumo ndalipititsanso pa lamba maulendo 60. Thaulo loyera, burashi, sopo, sipiriti. Foni yodzaza moto.

Lolemba, 21 Julaye

Dzulo sindinalembe.

Anabwera. Matekisi awiri odzaza ochokera ku Rustenburg, ena wapansi. Azimayi zitenje, mipango kumutu, nyimbo kuyambira pamsewu. Mayi Linnet patsogolo, nkhope ya maliro atavaliratu. Anapeza malemu ali pa kireti padzuwa, thaulo m'khosi, ndevu ndikuzinyowetsa. Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Mayi wina anaponya poto wa mpunga n'kuthawira m'chimbudzi cha eni. Wandakatulo uja anabwerera chambuyo mpaka anagunda waya wa zovala. Madala anakweza dzanja: "Khalani pansi. Mwadzera kumeta, kumeta ndi kuno."

Mayi Linnet sanathawe. Anandipatsa mawu anga m'zilankhulo zitatu, palibe anabwereza. Kenako anakhala pansi, poti chakudya chinali chitaphikidwa kale.

Ndinayamba ndi sizasi, ndevu kumagwa mitolomitolo. Thovu. Kenako lumo. Kukoka khungu ndi zala ziwiri, lumo logona pang'ono, kutsata kumene ndevu zagonera, kupukuta pa thaulo, kubwereranso. Kaphokoso kake kakang'ono, kwee, kwee. Anthu makumi anayi chete. Dzanja langa silinanjenjemere, ngakhale pakhosi, ngakhale pansi pa mphuno. Sindinawacheke ndi pamodzi pomwe. Ndilembe zimenezo, poti china chonyadira pa tsikuli palibe.

Nkhope inatuluka. Yaing'ono. Masaya olowa, chibwano chosongoka, chipsera cha mwala pansi pa mlomo, khungu loyererako kumene dzuwa silinafike zaka khumi. Anthu anaomba m'manja, ena kujambula. Madala anayang'ana pagalasi nthawi yaitali. "Awa ndi bambo anga awa."

Kenako foni. Ndinaimba, ndinaigwira patsogolo pawo, ine wanzeru, wokonza zodabwitsa. Anthu anaunjikana kumbuyo kuti aone chisangalalo.

Lois anayankha atakhala pamkeka panja, kumbuyo kwake azimayi ena. Mpango uli pamiyendo. Mutu mpala, wongometedwa m'mawa womwewo, pena pakuoneka pamene lezala linadya. Masiku ano ambiri amangodulako pang'ono pamphumi kuti mwambo uchitike. Iye anachotsa lonse. Chibwano chosongoka chomwecho.

Anayang'anana. Madala anati, "Mwana wanga." Popanda Fanakalo, popanda nthabwala. Iye kumangoyang'ana. Azimayi a kumbuyo kwake anayamba kusuzumira, wina anakuwa. Ndiye anayankhula, osakweza mawu: "Amayi anamwalira akukana kukumeterani, ankati mudzabwera. Ine ndakumeterani lero. Sindimeta kawiri." N'kudula.

Mpunga anadya ndani sindikudziwa. Anthu anachoka mmodzimmodzi osatsanzika. Madala anakhalabe pa kireti, thaulo m'khosi, mpaka dzuwa linawachokera. Manyazi amene ndili nawo sindinakhalepo nawo chibadwire.

Lachinayi, 24 Julaye

Ndapepesa kwa Lois katatu. Ndalemba zonse, kuti cholakwa choyamba chinali changa ndekha, bodza lachiwiri tinagawana. Buluu. Zii.

Bizinesi yakwera. Amuna sikisi afuna kumetedwa ndi "lumo la malemu". Pa renki akunditchula Wodzutsa Akufa, mpaka madalaivala a Chitswana amene sakumva nkhani yake. Si zimene ndinkafuna? Ndawauza onse kuti lumo si langa, akhale pa makina ngati nkhosa zinzawo.

Mayi Linnet andichotsa pagulu. Achita bwino.

Madala sakutuluka. Zuwena amawapititsira phala, limabwerera lili momwemo. Sanandiuze kuti ndinanena, ndipo kuli bwino akanandiuza. Ndinasuzumira dzulo, agona chagada, tiziputu toyera tayamba kumera. "Wena mampara" sindinamumve masiku anayi. Sindinkadziwa kuti munthu ungasowe kutukwanidwa.

Lumo lili m'dirowa, ndalipaka mafuta kuopa dzimbiri. Sindikufuna kuliona.

Loweruka, 26 Julaye

Madala ndawapeza pakhomo la shopu ndisanatsegule. Jekete, tayi, nsapato zopolisha. Akhala pampando wa makasitomala, koyamba chidziwire. Ndati ndevu? Aloza mutu.

"Mwana wanga wameta yekhayekha. Bambo ake aja anafadi, kalekale, ndipo wachibale wawo kuno ndine ndekha. Meta."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kukana. Ndatenga lumo.

Mutu ndi wovuta kuposa nkhope. Mabampu, makwinya kunkhongo, chipsera china cha mgodi pamwamba pa khutu. Ola lathunthu. Sanandilamule ngakhale kamodzi. Awiri anabwera kudzameta, anaima pakhomo, anaona nkhope zathu, anapita. Tsitsi anatola okha, kugwada ndi mawondo awo aja, analikulunga m'pepala n'kuika m'thumba la jekete.

Anati ndiwajambule cham'mbali. Ndafunsa kuti pansi pake ndilembe chiyani. "Palibe. Talemba zokwanira." Ndatumiza. Buluu pa 9:40. Zii.

Phala la lero adya theka.

Lachiwiri, 29 Julaye

Ndikumeta munthu, foni yanjenjemera m'thumba. Ndamusiya theka.

Lois. Mzere umodzi: "Kuseri kwa khutu lamanzere mwasiyako tsitsi."

Ndatsegula chithunzi. Palibe. Ndachikulitsa ndi zala, ndachikulitsanso. Lilipo. Titsitsi tinayi, mwina tisanu, toti munthu sangatione pokhapokha atakhala nacho chithunzicho masiku atatu, kuchikulitsa mpaka pothera. Ine Rashid, kudzudzulidwa ntchito kuchokera ku Dowa.

Ndathamanga, kasitomala akukuwa kumbuyo ndi mutu wa mbali imodzi. Ndawawerengera madala. Agwira kuseri kwa khutu, kupapasa, atipeza. Ndiwerengenso. Ndawerenga. Ndati ndikatenge lumo tikonze, titumize chithunzi china chabwino. Andigwira mkono, mphamvu zake sindikudziwa azitenga kuti.

"Aikona, mampara. Lisiye. Umufunse kuti penanso ndi pati."

Ndafunsa. Ndili pa kireti yawo, buku pabondo lina, foni pa linalo, iwo akupumira paphewa langa. Buluu. Pamwamba pakuonetsa kuti akulemba. Wasiya. Wayambanso